Mtima wa bambo utasokoneza nyimbo

Ku koleji ya zachipatala ndinakhalako chaka chimodzi, kenako ine ndi mayeso tinasiyana mwamtendere. Komabe kwathu ku Golomoti ndine dokotala. Mbuzi ikatsokomola amandiitana.

Ndiye mtima wa bambo utayamba kugunda mobalalika, onse anayang'ana ine. Bambo ankachita wefuwefu ndi kungovala nsapato. Kuchipatala cha ku Mua anatitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, komwe adokotala anati mapiritsi alephera, mtimawo ufunika kuuwomba ndi magetsi usanafookeretu.

"Magetsi anapha ng'ombe pa Mtakataka," anatero bambo akutola chipewa chawo. "Ng'ombe yathunthu. Tiyeni tizipita."

Amayi ananditsina. "Iwe dokotala wa mbuzi, lankhula. Chaka chija unkaphunzira chiyani?"

Ndinakonza kukhosi. Mawu a m'mabuku anali atathawa kalekale, m'mutu munangotsala kwaya. Bambo akhala akuimbitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu ine ndisanabadwe, ndipo kwayayo imasokoneza nyimbo mokhulupirika.

"Bambo, azimayi akathamanga, abesi n'kutsalira, aliyense n'kumaimba yake, mumatani?"

"Ndimamenya ng'oma kamodzi, mwamphamvu."

"Ndiye?"

"Onse zii. Kenako amayi akowa amayambitsanso bwinobwino."

"Basi, ndi zomwezo. Mumtima muli kamalo kamodzi koyambitsa, koma panopa aliyense akuyambitsa yake. Magetsiwo saphunzitsa mtima nyimbo ayi. Amangokhalitsa onse chete nthawi imodzi kuti woyambitsa amveke. Makinawo amadikiranso poyenera kumenya, sangobwanyula."

Bambo anaika chipewa pabondo. "Nanga woyambitsayo akapanda kuyamba?"

Apa nthabwala zinandithera. "Adokotala ali pomwepo, bambo. Inu akugonetsani, simumva kanthu."

Bambo anayang'ana amayi nthawi yaitali ndithu, n'kuwapatsa chipewacho.

Anamwino anati pomenya magetsi pasapezeke wokhudza bedi, ngakhale iwo amene, poti magetsi sadziwa wachibale. Amayi anali atagwira chala cha bambo chikwerereni minibasi. Anachisiya monyinyirika, ndipo titatuluka kukhonde anagwira changa. Mpaka lero sichipindika bwino.

Titalowanso tinapeza bambo atadzuka, dzanja lili pachifuwa, akugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati mmene amachitira nyimbo ikamayenda.

"Akuimba imodzi," anatero.

Amayi anakhala pansi, chipewa chili m'manja. Bambo anandiloza ndi mlomo.

"Mwanayu sukulu anaisiya msanga. Akanatha chaka chachiwiri, bwenzi atachiza ndi bondo langa lovutali."