Hutala ya ku Joni pa msewu wa ku phiri

Kwathu ku Sadzi phiri la Zomba limaoneka ngati lili kuseri kwa nyumba, koma ndinafika Sitandade 5 ndisanalikwereko pa galimoto. Tinkalikwera wapansi, ine ndi amayi, kukatola nkhuni m'nkhalango ya paini. Msewu wake ndinkaudziwa ndi zidendene: phula lotentha masana, makona okhotakhota, mbali ina thanthwe lodontha madzi, mbali ina phompho loti ukasuzumira mutu umazungulira. Galimoto tinkaimva ili kutali, ikubuula pokwera, ndipo tinkatsikira m'ngalande mitolo ili pamutu mpaka idutse. Tinkangodziwa kuti msewu ndi wa eni magalimoto, ife ndi obwereka.

Abambo anga anayendetsapo thiraki maso asanayambe kuwavuta. Anafikako ku Beira, ku Harare ndi ku Dar, ndipo akakhala pakhonde akukhomera khasu mumpini ankakonda kutifotokozera za misewu ya kumeneko. Ankati ku Mozambiki, kwawo kwa agogo, dalaivala wa thiraki akaona kuti kutsogolo kulibe kanthu amakuyatsira getsi kuti umudutse, iwe ukadutsa n'kuliza hutala pang'ono pothokoza. Ankati ku Zimbabwe loboti ikafiira munthu amaima ngakhale msewu uli mbee. Za ku Tanzania ankayamba aseka kaye. Ankati basi ya kumeneko ukaiona pagalasi umangopatuka n'kuyamba kupempherera amene ali m'katimo. Amayi ankawayankha kuti maiko onsewo anangobwerako ndi nkhani ndi msana wopweteka, ndipo abambo sankatsutsa.

Chaka chimene ndinali Sitandade 5 kunabwera amalume a Gresiyano, mlongo wawo wa amayi, mtchona wa ku Joni. Anatulukira ndi galimoto yofiira ya nambala yachilendo, mipando yake yokutidwa ndi makava oyera aubweya ngati nkhosa. Hutala yake sinali ya pii wamba ayi, inkaimba kanyimbo. Ana a m'dera lonse anaithamangira, nkhuku zikubalalika, amalume ali pachiwongolero ndi magalasi akuda, chigongono chili pawindo. Asanamwe ndi madzi omwe anali atatiuza kale kuti kuchokera pa malire a Mwanza anavutika ndi madalaivala a kuno, oyenda ngati akuperekeza maliro.

Loweruka anati atitengere ku phiri tikaone damu. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi, ndinadzola mafuta mpaka miyendo kunyezimira. Abambo anakhala kutsogolo, ine ndi amayi kumbuyo. M'katimo munkanunkhira sopo wachilendo, ndipo ubweya wa makava aja unkandigirigisha kuseri kwa mawondo. Ndinkalakalaka anzanga onse a kusukulu ataima m'mbali mwa msewu kuti andione.

Chisangalalocho chinathera pamsika. Amalume analowa pakati pa anthu osachepetsa liwiro, dzanja lili pa hutala, ndipo ndinaona mayi wina akukokera mwana wake kumbali ndi kolala ya malaya. Titayamba kukwera phiri, ndinaona kwa nthawi yoyamba mmene ife a nkhuni timaonekera kwa munthu amene ali m'galimoto: timizere ta amayi tikudumphira m'ngalande, makosi akugwedezeka pansi pa mitolo, maso ali pansi. Ena ndinkawadziwa ndi mayina. Pakona iliyonse matayala ankalira, ine n'kugwera pa amayi, amayi n'kugwera pachitseko.

"Alamu, msewu uno uli ndi anthu," anatero abambo motsitsa mawu. "Chepetsaniko pang'ono."

Amalume anaseka. "Alamu, inu munkayendetsa thiraki, ngolo imene ija. Ku Joni ukamayenda chokwawa amakuchotsa pamsewu. Kumeneko woyenda pansi amadziwa malo ake."

Abambo anangogwiritsa chogwirira cha pamwamba pa chitseko. Anali munthu wofatsa, komanso galimoto inali ya eni.

Chapakati pa phiri tinapeza lole yakale ikukwera movutikira, ikutulutsa utsi wakuda. Amalume anaiimbira kanyimbo kaja, koma loleyo inalibe kopatukira. Ndiye pakona penipeni, pamene sungaone zimene zikubwera, anakhotetsa chiwongolero n'kulowa mbali ya otsika. Kutsogolo kwathu kunali bambo akutsika ndi njinga ya nkhuni. Amene anakulira ku Zomba akuzidziwa njinga zimenezi. Nkhuni amazisanja mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, ndipo sakwerapo ayi, amayenda pambali atakanikiza mabuleki, thupi lonse litapendekera kumbuyo kuti katundu asamuthawe. Munthu wotero sangadumphe. Amalume anakanikiza hutala. Bamboyo anayesa kukhotera kuthanthwe, tayala la kutsogolo linalowa m'ngalande, ndipo mulu wonse unapendekeka pang'onopang'ono n'kumugwera. Tinamudutsa pafupi kwambiri moti ndinaona chipewa chake choyera chikugubuduka pa phula.

Amalume anabwerera kumbali kwawo n'kuwonjezera moto.

"Achimwene, imani," anatero amayi.

"Sindinamugunde, achemwali. Wagwa yekha. Ku Joni zikatere suima, ukaima amakulanda galimoto."

Amayi sanabwerezenso. Anatsegula chitseko galimoto ikuyenda. Mphepo yozizira ya m'paini inalowa, ndinaona phula likuthamanga pansi pa phazi lawo, ndinakuwa. Amalume anaponda mabuleki mpaka abambo anagunda chipumi pagalasi. Amayi anatsika, anavula nsapato zawo za Lamulungu n'kuzigwira m'manja, n'kuyamba kuthamangira kumbuyo. Ine ndinawatsatira.

Tinapeza amayi ena a nkhuni atatula kale mitolo yawo akuchotsa zipika. Bamboyo anali wachikulire, wa imvi m'ndevu. Pambuyo pake tinadziwa kuti anali a Saidi a ku Chikamveka. Mwendo wawo unali utapindika pamalo posayenera kupindika, ndipo magazi ankatsikira m'ngalande n'kusakanikirana ndi madzi a m'thanthwe. Sankalira. Ankangofunsa ngati foloko ya njinga yathyoka. Kenaka amalume anafika, atabweza galimoto chambuyo, akupukuta magalasi awo akuda ndi kansalu. A Saidi atawaona anayesa kudzuka ndi chigongono, n'kuika dzanja pachifuwa.

"Pepani bwana," anatero. "Sindinakuoneni msanga."

Mawu amenewo sindinawaiwale mpaka lero. Munthu anali mbali yake, akuyenda ndi miyendo yake, atasenza chakudya cha ana ake. Wina wamulowera kumbali kwakeko pakona, wamugwetsa, wathawa, ndiye wopepesa akhale iye? Ndipo amalume anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira chipepesocho. Anayamba kufotokozera amayi aja kuti vuto la kuno ndi umbuli, kuti kunja njinga siziloledwa pamsewu wa magalimoto. Atamva zoti wovulalayo apite kuchipatala, anasuzumira makava awo oyera aja n'kunena kuti kuli bwino tidikire lole yotsika, poti munthu wothyoka mwendo amafunika kugona motambasuka.

Sindinawaonepo amayi atakwiya chotero. Sanakweze mawu. Anaima pafupi ndi mlongo wawoyo, nsapato zili m'manja.

"Gresiyano," anawatchula dzina lenileni pamaso pa anthu, chinthu chimene sankachita. "Ngalande iyi unagweramo iwe uli mnyamata, mtolo uli pamutu, ndinakudzutsa ndine. Lero wabwera ndi kanyimbo kuti uziimbira anthu akugwa?"

Amalume anatsegula pakamwa koma abambo anali atatsegula kale chitseko cha kumbuyo. Sanapemphe chilolezo. Anathyola nthambi ziwiri zowongoka, amayi anamasula chitenje chawo n'kuching'amba, anamanga mwendo uja, ndipo abambo ndi amayi awiri a nkhuni anawanyamula a Saidi n'kuwagoneka pa ubweya woyera uja. Amalume anathamangira kubuti ya galimoto kukatenga nyuzipepala zoti ayale, koma pobwera anapeza magazi atalowerera kale. Abambo anakhala kutsogolo n'kunena kuti, "Tiyeni alamu. Giya yachiwiri mpaka kumunsi." Galimoto inatembenuka n'kutsika mwaulemu ngati ya mkwatibwi. Hutala sinamveke.

Damu sitinalione tsikulo. Amayi anati nkhuni za munthu sizingatsale pamsewu, ndiye tinasanjanso zimene tikanatha pa njinga yopindika ija n'kuyamba kuikankha. Inkakokera kumanzere ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Amayi anagwira mahandulo, ine ndinkakoka kumbuyo, amayi ena aja akutithandiza m'malo otsetsereka kwambiri. Utomoni wa paini unamata diresi langa la kutchalitchi ndipo sunachokenso. Magalimoto ankatidutsa akutiimbira mahutala kuti tipatuke, koma amayi tsiku limenelo sanalowe m'ngalande ngakhale kamodzi. Tinafunsira njira mpaka tinapeza nyumba ya a Saidi. Akazi awo ataona njinga ikubwera popanda mwini wake anakhala pansi pabwalo, manja ali kumutu, tisananene kanthu.

Mwendo uja unapola mokhota. A Saidi sanakwerenso phiri. Zaka zotsatira ndinkawaona atakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi mzikiti akusoka nsapato, ndodo ili pambali, ndipo akandiona ankandifunsa za amayi. Amalume anabwerera ku Joni sabata isanathe, atauza aliyense wofuna kumva kuti anathandiza munthu wina amene anagwa yekha ndi njinga, ndipo kuti chifundo chawo chinawaonongetsa makava. Patapita nthawi anatumiza bulangete lalikulu lamaluwa kuti apepese mlongo wawo. Amayi sanalitulutse n'komwe m'pepala lake. Analisenza n'kukalisiya kwa a Saidi ku Chikamveka.

Ndinakula ndikukhulupirira kuti ku Joni anthu oyenda pansi amaphedwa ngati nkhuku. Nditayamba bizinesi yokaoda zovala kumeneko, tsiku lina ndinaima pa mizere yoyera pafupi ndi sitolo yaikulu, chikwama chili pamutu, kudikira kuti magalimoto athe monga timachitira kwathu. Galimoto ina inaima. Ndinacheuka kuti ndione munthu wolemekezeka amene akumuimira. Kunalibe wina, koma ine. Dalaivala anandikodola ndi dzanja kuti ndiwoloke. Ndinawoloka, ndipo nditafika tsidya linalo ndinawapsera mtima amalume moti ndinakhala kaye pansi. Ndinaona mphambano zopanda loboti kapena wapolisi, aliyense akudikira nthawi yake malinga ndi mmene wafikira. Ndinaona wina akupatsidwa mpata n'kuphethiritsa magetsi pothokoza. Sindikunena kuti kumeneko ndi kumwamba. Madalaivala a mateksi awo ndi amwano, amaima paliponse, amadula anzawo, ndipo pamisewu yawo ikuluikulu liwiro lake ndi loopsa. Koma pamisewu imeneyo sipayenda mayi wosenza nkhuni. Amalume anakhala zaka zonse zija m'dziko la eni, anaona zabwino ndi zoipa, n'kusankha mwano wa mateksi wokhawokha kuti ndiwo atibweretsere ngati chitukuko.

Ku Dar ndinapeza kuti abambo sananame, ndinatsika basi ndikuthokoza Mulungu. Pa msewu wa ku Tete ndinaona ndi maso anga thiraki ikuyatsira basi yathu getsi kuti tidutse, dalaivala wathu n'kuyankha ndi kahutala kafupi, ndipo ndinalakalaka abambo akanakhala moyo kuti ndikawauze.

Chimene chimandipweteka n'chakuti masiku amenewo amalume anali mmodzi, ndipo anthu ankawadabwa. Lero Zomba yense akuyendetsa ngati iwo. Timagalimoto ta matola timaima pakati pa msewu kulimbirana munthu mmodzi. Anyamata a njinga zamoto amatulukira kumanzere, kumanja, ngakhale pakhonde la sitolo, atanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga. Magalimoto akuluakulu a mabwana amadutsa ana a sukulu ataima pa mizere yowolokera ngati akudutsa zitsa. Inenso ndili ndi kagalimoto kanga tsopano, ndipo ndikaimira munthu kuti awoloke, wa kumbuyo amandiimbira hutala n'kutulutsa mutu pawindo kufunsa ngati laisensi ndinachita kugula. Woyenda pansiyo naye sakhulupirira. Amandiyang'ana mokayika, kenaka amawoloka chothamanga, akuwerama, akuwomba m'manja, ngati ndamupatsa mphatso.

Mwezi watha ndinapita ndi amayi kumsika. Akalamba tsopano, amayendera ndodo, ndipo khosi lawo silitembenuka bwino. Tinaima pa mizere yoyera, imene inafufutika moti umachita kuikumbukira, ndipo tinadikira, tinadikira, palibe woima. Ndinati tibwerere tikazungulire ndi galimoto. Amayi anachotsa dzanja langa pamkono pawo, anakweza ndodo m'mwamba n'kulowa mumsewu. Mabuleki analira. Wa njinga yamoto wina anatsala pang'ono kugwa, minibasi inaima chopingasa, ndipo mahutala anayamba kulira kuchokera uku ndi uku. Iwo ankangoyenda kaphazi kamodzikamodzi. Atafika pakati penipeni anaima, anandipatsa ndodo kuti ndiwagwirire, n'kuyamba kumanga bwino chitenje chimene chinkamasuka.

"Amayi, tiyeni, akutitukwana," ndinawanong'oneza, manyazi atandigwira.

Anamaliza kumanga mfundo yawo, anatenganso ndodo, n'kuyang'ana mzere wonse wa magalimoto uja mmodzimmodzi.

"Asiye alize, mwanawe," anatero. "Iwo akhala pansi. Amene waimirira ndine."