Tepi ya Mabowo pa Shelefu Yanga

Linali Lachinayi lomaliza la Novembala, 4 koloko madzulo, patapita zaka ziwiri chiphulikireni mgodi wa Kamandama. Amuna anga analowa m'nyumba osapereka moni, n'kuyamba kupisa m'matumba a ovolosi imene ndinachapa m'mawa.

"Mpukutu wa pepala unali umu uli kuti?"

Maso anga anapita okha pa shelefu.

M'komponi mwathu ku Wanki mkazi aliyense ankakongoletsa shelefu ya mbale ndi nyuzipepala yodula manomano. Ine sindinkatha kudula bwino, ndipo alamu anga, achemwali a amuna anga amene tinkakhala nawo, ankandiseka ngakhale pamaso pa alendo. Ndiye nditapeza pepala lalitali lopyapyala ngati lamba, loboola kale timabowo ta m'mizere, ndinati lero ndawina. Ndinalidula patatu n'kulimata ndi phala la fulawa m'mphepete mwa matabwa atatu a shelefu.

Amuna anga ataliona anakhala pansi pa simenti.

Iwo ankagwira ntchito ku shopu ya zitsulo, pa makina atsopano opala chitsulo kuti pamwamba pake pasalale. Makinawo sankawongoleredwa ndi manja. Mzungu wa mu ofesi ankatha masiku akuwerengera njira ya mpeni wa makinawo, poyambira, pokhotera ndi kuya kwake, kenako n'kuiboola pa pepalalo, limene ankalitcha tepi. Imeneyi inali ya chivundikiro cha pampu yopopa madzi mu mgodi, ndipo inalipo imodzi yokha. Dzulo lake anawatuma kukaitenga, belu loweruka linalira ali m'njira, anaiiwala m'thumba.

"Iwe, mpeni umapita n'kubwerera ngati munthu wolima mizere," anatero amuna anga. "Umatsata mabowo amenewa. Limodzi likasowa umalowa m'chitsulo n'kuthyoka. Kapitawo wati mawa 7 koloko ndibwere nayo, apo ayi ndibweze kiyi."

Kiyi wake anali wa nyumba. Inali ya kampani, ndipo ntchito ikatha ankatulutsa katundu tsiku lomwelo. Mwana wathu anali asanayambe n'kukwawa komwe.

"Ndinkakuuzani achimwene, Sitandade 2 si sukulu," anatero alamu ali pakhomo. "Mbuzi ikaona pepala imadya. Wanuyu amamata."

"Alamu, sindimadziwa."

"Chimene umadziwa n'chiyani? Kubereka? Kapena ukufuna tonse tikagone pa siteshoni ya Thomson Junction, tizidikira sitima ya kwanu?"

Amuna anga anaimirira n'kugwira nsonga ya tepi. Phala linali litauma gwa, ndipo pepala linayamba kung'ambika pakati pa mabowo.

"Musakoke, bambo," ndinatero.

"Wayamba kundilamula?"

Koma anasiya. Anati ngakhale itamatuka, palibe angadziwe chidutswa choyamba ndi chomaliza, ndiye mpeni ungayambire kumapeto. Ndinati ine ndikudziwa, ndinayambira thabwa lapamwamba kudzanja lamanzere n'kumatsika. Mawu anga ndi aang'ono, kaya anamva. Anatuluka kupita ku bawa. Alamu anapita pa mpopi kukauza akazi onse, ndipo kuseka kwawo kunkamveka mpaka m'nyumba. Chakudya chimene ndinaphika palibe anachikhudza.

M'mawa mwake ndinatsitsa mbale zonse pansi. Ndinazula matabwa atatu aja ndi mpini wa supuni ndi mwala, pang'onopang'ono kuti tepi isang'ambike. Kuseri kwake ndinalemba ndi khala 1, 2, 3, ndi kamtanda kumbali yoyambira. Ndinabereka mwana, ndinasenza matabwa, n'kutsatira amuna anga m'fumbi la malasha. Sanacheuke njira yonse, ndipo pa geti analowa ngati sakundidziwa.

Mlonda anandifunsa m'Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi, chimene ndinkafuna. Ndinali ndisanalankhulepo ndi munthu wa yunifolomu. Ndinatula matabwa pansi motsatana manambala ake. Ndinamuuza kuti akaitane kapitawo, tepi yonse ili apa palibe bowo lasowa, amene anaidula ndine osati amuna anga. Kenako ndinakhala pansi pambali pa geti n'kuyamba kuyamwitsa mwana.