Chaka Chimene Amayi Ankaseka Mbali Imodzi

Ndimakumbukira duku lobiriwira la amayi. Azimayi anzawo ku Nzama ankamanga duku kunkhongo, koma m'nyengo yokumba kachewere chaka chimenecho, amayi anayamba kulimanga pansi pa chibwano. Ndinali mu Sitandade 3. Bambo anali ku Joni.

Pansi pa khutu lawo lakumanzere panali chotupa cholimba ngati mbatata yosapsa. Poyamba ankati ndi dzino. Kenako mbali imeneyo ya nkhope inalefuka. Diso silinkatsekeka, phala linkatayikira m'mbali mwa mlomo, ndipo akati aseke linkaseka tsaya limodzi lokha. Anasiya kuimba kwaya. Ine ndinkapewa kukhala kumanzere kwawo. Lero ndikudziwa kuti ankaona zimenezo, koma sanandidzudzulepo.

Amalume anawaperekeza ku chipatala cha ku Boma, ndipo kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu cha mu mzinda. Madokotala anadula kanyama ka chotupacho n'kukatumiza kunja kuti akakayeze. Amayi anabwerako atawonda. Mankhwala a m'diripi ankawasanzitsa mpaka ndulu, tsitsi n'kumatsalira m'chipeso. Chotupa chija chinaphulika, fungo lake linalowerera m'mabulangete, ngakhale ndinkawachapa kawirikawiri.

Zotsatira zinafika mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi m'minda yokumbidwa. Amalume anakhala pakhonde ndi pepala m'manja, ine ndikusenda mbatata pambali pa amayi.

"Achemwali, akuti ndi khansa ya m'malo mopangidwira malovu, ndipo yafika kale m'mapapo. Koma m'kanyama kaja apezamo chizindikiro chosonyeza mtundu wake weniweni. Akuti mankhwala olimbana ndi mtundu umenewo alipo."

"Ali kuti, achimwene?" anafunsa amayi.

Amalume anapinda pepalalo kanayi.

Ine ndinangogwira liwu limodzi: alipo. M'mawa mwake ndinathamangira kusukulu n'kuuza aphunzitsi, kalasi yonse ikumva, kuti amayi achira. Aphunzitsi anandigwira paphewa kwa nthawi yaitali, kenako anangoti, "Kakhale pansi, mwana wanga."

Tikaweruka ndinkakaima m'mbali mwa msewu, kuyang'ana kabaza aliyense wochokera ku Boma ngati wanyamula katoni ya mankhwala. Ankanyamula feteleza, malata, anthu.

Amayi anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Pamaliro ndinakana kupereka moni kwa amalume, ndipo ndinawasungira mkwiyo zaka zambiri, poganiza kuti anachita ulesi kukawatenga mankhwalawo. Sindinkadziwa kuti chinthu chikhoza kukhalapo ndithu padziko, dzina lake n'kulembedwa papepala lathu lomwe, koma osapezeka njira yoti chifike ku Nzama.