Thonje la M'denga ku Tottenham

Ndikukumbukira mmene nyumba yathu yoyamba ku Tottenham inkapumira. Sindikunama ayi, inkapuma. Makatani ankafufuma okha mawindo ali chitsekere, ndipo m'mawa ukaponda pansi kamphepo kankakunyambita akakolo. Ine Thoko ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, titangotha chaka chichokereni ku Ntcheu, ndipo mlongo wanga Dalitso anali ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Dalitso ankatsokomola. Chifuwa chake chinkalira ngati kamphaka kotsekeredwa m'kabati. Mayi, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba, anatopa n'kuthamangira naye kuchipatala, mpaka tsiku lina anauza bambo kuti mwanayu apite kumudzi ndi azakhali, omwe anali atabwera kudzationa ndipo ankabwerera pakatha masabata awiri. Akakulire kumene kuli dzuwa, adzabwera akadzafika poyamba sukulu. Mabanja ena a kutchalitchi kwathu anali atachitapo zimenezi, ndiye panalibe chachilendo. Bambo sanatsutse. Anangopempha kuti pa masabata awiriwo ayese kaye kutseka nyumba.

Chodabwitsa n'chakuti mayi omwewo ndi amene anatiphunzitsa kusaka mphepo. Ankatapa kaufa ndi zala n'kukataya pang'onopang'ono, monga amachitira amayi kwathu asanayambe kupeta, pofuna kuona kumene mphepo ikulowera. Kaufako kakagwa molunjika tinkapitirira. Kakakhota, bambo ankagwada ndi nsanza, nyuzipepala ndi selotepi. Tinazungulira mawindo onse, m'mbali mwa makoma, kuseri kwa sinki, ndi pachitseko polowera makalata. Pansi pa chitseko tinagonekapo chitenje chakale chokulungakulunga. Azakhali ankangoseka, amvekere ufa anavutika nawo m'sutikesi kuchokera kumudzi, lero tikudyetsa kapeti.

Titafika pamwamba pa masitepe, pansi pa kachitseko kolowera m'denga, kaufako sikanagwe. Kanayandama, kenako kanayamba kukwera ngati utsi. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Bambo anati kutentha konse kwa hita kukuthawira pamenepo. Atagwirizana ndi landilodi, Loweruka anabwera ndi mipukutu ikuluikulu ya chinthu chachikasu, chofewa ngati thonje. Anavala magolovesi, anamanga mpango kukamwa, n'kundichenjeza kuti ndisayerekeze kuchikhudza chifukwa n'chopangidwa ndi galasi. Ine sindinakhulupirire. Galasi lotani lopindika ngati bulangete?

Nyumba inayamba kufunda, koma mayi sanasiye kulongedza. Tsiku lililonse m'kachikwama ka Dalitso munkawonjezeka kanthu: tizipewa, timasokosi, botolo la mankhwala. Ine ndinkangokayang'ana kachikwamako, osafuna kuti Dalitso apite.

Apa ndiye ndiulule. Lachitatu nditaweruka kusukulu, mayi ali kuntchito, azakhali akugoneka mwana, ndinatsegula dirowa ya mayi n'kutenga pasipoti ya Dalitso. Makwerero okwerera m'denga anali akadali pomwepo poti bambo anali asanamalize. Ndinakwera.

M'dengamo munali dziko lina. Kuwala kunkalowa m'timing'alu ta matailosi ngati timizere ta ulusi, fumbi likuvina mmenemo. Pamwamba pa mutu wanga nkhunda zinkayenda tapatapa, ndipo mabasi ankamveka kutali ngati mvula imene ikugwa mudzi wina. Thonje lachikasu lija linali yalaa mpaka kukona, ngati munda woti palibe anaupondapo. Ndinakwawa pathabwa, ndinalowetsa mkono mpaka m'phewa pansi pa thonjelo, n'kusiya pasipotiyo. Kenako, poti kunali kofewa, ndinatsamiritsa tsaya. Ndinaganiza za Dalitso akukula, akuphunzira kuyenda m'nyumba yomweyi, ine nditamugwira dzanja. Sindikudziwa kuti ndinakhalamo nthawi yaitali bwanji.

Potsika, thupi linali litayaka moto. Amene anakhudzapo chitedze akudziwa zimene ndikunena. Mayi pobwera anandipeza ndikudzikanda khosi mpaka kutupa. Anandivula, anandisambitsa madzi ozizira, n'kumatola timaulusi tachikasu m'tsitsi mwanga, kamodzikamodzi, osafunsa kanthu.

M'mawa mwake pasipoti inasowa. Nyumba yonse inatembenuzidwa. Azakhali anakhuthula masutikesi, bambo ananyamula matiresi, ine ndinkafufuza nawo mwakhama kuposa aliyense. Kenako ndinaona mayi ataima pansi pa kachitseko kaja. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana makwerero, n'kundiyang'ana ine, amene ndinali ndikukandabe mkono.

"Abambo a Thoko," anatero mayi, "malizani msanga ntchito yanuyi muchotse makwererowa. Ana angagwe."

Azakhali anakwera ndege okha. Chifuwa cha Dalitso sichinathe tsiku limodzi, koma chinayamba kuchepa, ndipo nyengo yozizira isanathe anali akukwawa pakapeti wopanda juzi. Lero ndi chimunthu chachitali, ukamuyankhula Chichewa amayankha Chizungu, ndipo sadziwa kuti anatsala pang'ono kukulira kwina.

Masiku ano zinthu zinasintha. Kufulati imene tikuchita lendi ku Ilford kunabwera munthu ndi kamera yoonetsa kutentha m'mitundumitundu, ndipo pa kanthawi kochepa anatilozera paliponse pamene pakulowa mphepo. Zipangizo zilipo, koma mantha ndi omwe aja. Mwana wanga Tadala ali ndi miyezi isanu. Akangoyetsemula, ine ndathamangira kale pafoni kufufuza matenda. Ndiye apongozi anga ku Lilongwe akhala akundinyengerera kuti ndiwatumizire mwanayu, ine ndibwerere kuntchito, satifiketi yanga isawolere m'dirowa. Amanena mwachikondi, ndipo masiku ena ndikatopa ndimaona ngati akunena zoona.

Lamlungu lapitali ndinapita kwa mayi, ndinawafotokozera zonsezi, ndipo mosayembekezera ndinapezeka ndaulula za pasipoti ija. Ndinati mwina ikadali m'denga lija, ikufunditsa anthu osawadziwa. Mayi sanadabwe n'komwe. Anapitiriza kumusisita Tadala kumsana.

"Iwe Thoko," anatero, "ukuganiza kuti ine makwerero sindinkatha kukwera?"

Pobwerera, ndili m'basi mwana ali pachifuwa, ndinawaimbira apongozi. Ndinawathokoza kwambiri, n'kuwauza kuti Tadala adzabwera kudzawaona, koma ali kumsana kwa mayi ake.