Maso anga ofiira ndi azakhali

Chaka chimene ndinalowa Fomu 4 ndinkakhala ndi azakhali ku Nsanje, chifukwa kwathu kwa Mlolo madzi anali atagwetsa nyumba. Azakhali ankawamba nsomba n'kumagulitsa pamsika. Bambo anandisiyira foni yakale yong'aluka galasi, poti aphunzitsi ankajambula masamba a mabuku n'kutumiza pagulu la kalasi yathu.

Ndikaweruka kusukulu, ntchito yanga inali kusonkhezera moto wa milamba kuseri kwa nyumba. Ndinkakhala pachidebe, nkhuni kudzanja lina, foni kudzanja lina, n'kumawerenga timalemba tating'onoting'ono. Mphepo yotentha ya Okutobala itayamba, m'maso mwanga munkamveka ngati mwalowa mchenga. Ankafiira, kuyabwa, kenaka misozi n'kumangotsika yokha.

Azakhali anaona. Poyamba ankangodutsa kumbuyo kwanga mwakachetechete, ngati akufuna mpeni. Tsiku lina anaima.

"Ndani akukulizayo?"

"Palibe, azakhali. Mwina ndi utsi."

"Utsi? Ine ndakulira mu utsi womwewu. Bwanji ukamatembenuza nsomba sulira, koma ukangogwira chifonicho misozi mbwee?"

Zinali zoona. Ndinayang'ana pansi monga ndimachitira munthu wamkulu akamandilankhula, ndipo iwo anati ndavomera. Anatenga foni ija. Chizungu sawerenga, koma chithunzi chimene anapeza chinali cha m'phunziro la Bayoloje: mwana ali m'chiberekero.

Kuyambira pamenepo ankandiyang'ana pakhosi ndi m'chiuno. M'mawa ankandipatsa nsomba za makakana kuti nditumbule, iwo ali chilili, kuona ngati ndichite nseru. Inenso ndinayamba kukayikira aliyense. M'kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti mwina ndikuchita khungu, mwinanso mnzanga wina wa m'kalasi wandichitira kaduka.

"Loweruka ndikukweza minibasi," anatero azakhali. "Sindingasunge manyazi pakhomo panga."

Kwa Mlolo makolo anga ankagona m'chisakasa, ndipo sekondale inali kutali. Kubwerera kumeneko kunali kusiya sukulu. Ndinalimba mtima n'kupempha kuti tiyambe tapita kuchipatala. Anavomera msanga, ndipo ndinadziwa kuti iwo akufuna akandiyeze zina.

Adokotala a maso anali mayi wamfupi wa magalasi. Azakhali anawanong'oneza kanthu, iwo n'kungoti, "Tiyambe ndi maso." Anandifunsa ngati ndimadzuka ndi manthongo, ngati pakhomo pali winanso amene akudwala maso, ndi nthawi imene amawawa kwambiri. Anatembenuza zikope zanga, n'kuika m'diso kamankhwala kachikasu, n'kuunika ndi kanyali kabuluu. Kenaka anandiuza kuti nditulutse foni yanga.

"Werenga monga umawerengera kunyumba. Inu mayi, muyang'ane maso akewo, mundiuze akaphethira."

Ndinawerenga. Azakhali anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la utsi m'chitenje chawo. Panapita nthawi.

"Sakuphethiratu uyu," anatero. "Wangoti tong'o ngati mlamba wa pawaya."

Adokotala anaseka. Anafotokoza kuti munthu akamaphethira amapaka timadzi pamwamba pa diso, koma akamayang'anitsitsa pafoni amaphethira mwa apo ndi apo, ndiye diso limauma. Utsi ndi mphepo yotentha zimangowonjezera.

"Diso louma litulutsa bwanji misozi?" anafunsa azakhali, akuyang'ana adokotala ngati tinapangana.

"Likauma limawawa, ndiye limakhuthula madzi ambiri nthawi imodzi, oti sakhalitsa, amangotsika patsaya."

"Nanga chithunzi cha mwana chija?"

"Chimabwera pamayeso, mayi. Nanenso ndinachijambulapo."

Anandilembera mankhwala odontheza m'maso, n'kundiuza kuti ndiziwerenga kutali ndi moto, ndiziphethira mwadala, ndizipumira kawirikawiri n'kuyang'ana patali. Pobwerera tinadutsa pasiteji ya minibasi, koma azakhali sanaime.

Loweruka linafika, chikwama changa chili pamsomali pomwe chinali. Foni ija azakhali anayamba kuisunga okha, yomanga kumphepete kwa chitenje. Ankandipatsa masana pakhonde, iwo n'kukhala moyang'anana nane akutumbula nsomba. Ndikatsiriza tsamba ndinkamva, "Phethira, iwe." Foni ikalira ankaika mpeni pansi.

"Ndani ameneyo?"

"Aphunzitsi a Bayoloje."

"Werenga mokweza. M'Chichewa."

Ndinkawawerengera.