Tepi yomwe inadwalitsa achemwali

Mwana wanga akuti makina a masiku ano, oyankha mafunso pafoni, amasiyanitsa sewero ndi zoona. Ndamuuza kuti ngati n'choncho aposa mudzi wathu.

Chaka cha masankho achiwiri, achemwali anga akulu anali m'gulu la zisudzo la kutchalitchi. Anali owonda chibadwire, ndipo ankatha kutsokomola nthawi iliyonse akafuna. N'chifukwa chake anawapatsa mbali ya mayi wodwala Edzi. Anthu a bungwe lina anabwera ndi kamera, nanena kuti pabwalo la tchalitchi sipakuoneka bwino, bola pakhomo penipeni. Anasankha pakhomo pathu.

Ndinalipo. Milomo ya achemwali anaipaka phulusa. Mphasa inali yathu, chikho chathu. Amayi anadutsa kumbuyo atasenza dengu la nandolo, wojambula sanawaimitse. Ndodo ya maikolofoni anagwira ndi kalipentala wina wa ku Mbulumbuzi, yemwe anali atafunsira kale mbeta achemwaliwo. Kamera ikaima, kalipentalayo ankaseka mpaka kukhala pansi.

Patatha miyezi, tepi inapezeka m'kanyumba koonetsera makanema ku Namitambo. Poyambira pake, pomwe gulu linkadzitchula, panali patafufutika. Pomaliza, pomwe odwala ankadzuka kuwerama, wina anajambulirapo mpira. Mwini kanyumba ankaiika pakati pa makanema a karate. Anthu oonera ankadziwa kuti Mtchaina wophedwa Lachiwiri adzamenyanso Lachisanu. Koma uyu anali mwana wa pamudzi, pamphasa yomwe anakhalapo okha.

Mandasi omwe achemwali ankagulitsa anayamba kubwerera osagulidwa. Kenako anabwera atsibweni ake a kalipentala, omwe anali ankhoswe, iye ali pambuyo pawo.

“Tamva kuti kuno kuli matenda,” anatero ankhoswewo.

“Wadwala ndani?” anafunsa atsibweni athu.

“Ife taona ndi maso, achimwene. Kanema sanama.”

Achemwali anatuluka m'nyumba manja ali ufa okhaokha. “Atsibweni, tawafunsani ali kumbuyo kwanuwo. Ndodo anagwira ndani? Phulusa anapala pamoto ndani?”

Kalipentala anayang'ana zala zake.

“Tayankhulanitu, alamu!” ndinakuwa ine. “Pakamwa mwakhomerera misomali?”

Amayi anandikoka malaya. Kalipentala ananena motsitsa kuti sewero linali sewero ndithu, koma anthu akuyankhula, ndipo matebulo ake amagula ndi anthu omwewo.

Zimandiwawa mpaka lero. Ankhoswe aja anapusitsidwa ndi tepi yoduka mutu ndi mchira, amenewo ndingawamvetse. Uyu sanapusitsidwe. Ankadziwa chomwe chinali chongopeka, koma anaona kuti bodza lili ndi anthu ambiri kuposa achemwali. Ndagwira ntchito kunyuzipepala zaka zambiri, ndipo ndakumana naye kambirimbiri atavala nkhope zina: munthu amene analipo, koma dzina lake musalembe.

Achemwali sanalire pamaso pawo. Analowa m'nyumba, natulutsa kampando komwe kalipentala anawakhomera, nakaika patsogolo pa ankhoswe.

“Senzani. Mwina nako kadwala.”

Anakasenzadi.

Ukwati unathera pamenepo. Achemwali ali moyo, ali ndi zidzukulu, amagulitsa nyemba ku Limbe. Zisudzo anasiya tsiku lomwelo. Chimfine chikawagwira, amapita kuseri kwa nyumba kukatsokomola.