Woweruza Anakwera Masitepe ku Evington

Perpetua anabwera ku Leicester kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ntchitoyo inamulowerera moti ngakhale akaweruka sankatha kumudutsa munthu wovutika. Atagula fulati m'nyumba ina yosanjikizana ku Evington, dera la mumzindawo, anazolowerana ndi mayi Najmunisa, okalamba okhala pamwamba penipeni pa nyumbayo.

M'chaka cha 2018 chikepe chokweza ndi kutsitsa anthu m'nyumbayo chinafa. Kampani yoyang'anira mafulatiwo inkangoyankha kuti amisiri akubwera. Nyengo yozizira inatha, mitengo inaphuka, amisiri osaoneka. Mayi Najmunisa mawondo anali otupa, choncho analekeratu kutsika. Ngakhale kumaliro a mchemwali wawo sanapite.

"Mwana wanga, dziko ndimangolionera pawindo," anamuuza Perpetua tsiku lina.

Perpetua ankaopa makhoti kuyambira ali mwana. Komabe anagogoda khomo ndi khomo mpaka eni mafulati anagwirizana zokasuma ku bwalo la boma loweruza nkhani za nyumba. Iye ankayembekezera kukanjenjemera pamaso pa anthu ovala mawigi.

Koma m'mawa wa tsiku la mlandu, woweruzayo anabwera kudzadzionera nyumbayo ndi maso ake. Anali mayi waimvi, woyenda ndi ndodo. Loya wa kampani anati zithunzi zilipo, palibe chifukwa chodzivutitsira.

"Ndikufuna ndikaonane ndi amene amakhala pamwambapo," anayankha woweruzayo.

Anayamba kukwera masitepe pang'onopang'ono, akupumira pokhota paliponse. Perpetua ankabwera pambuyo manja ali chire, ngati mmene amachitira kuntchito, kuti woweruzayo akaterereka amuwakhe. Atafika pamwamba, woweruzayo anavula nsapato pakhomo, nakhala moyang'anana ndi mayi Najmunisa, mpweya usanabwerere bwinobwino.

"Mayi, munatsika liti komaliza?" anafunsa.

Nkhalamba inafotokoza, inalira, inafotokozanso. Woweruza sanaidule mawu kapena kuyang'ana wotchi. Perpetua anangoima kukhoma, akuonerera.

Chigamulo chitatuluka, kampani ija inalandidwa udindo ndipo bwalo linaika woyang'anira wina. Chikepe chinakonzedwa, ndipo Perpetua ndiye anaperekeza mayi Najmunisa kumanda kukaona pamene anagona mchemwali wawo.

Lamlungu lake anaimbira foni bambo ake ku Ntcheu.

"Ababa, kuno ndaona boma likuvula nsapato pakhomo la nkhalamba."

Bambowo anaitana akazi awo kuti abwere pafupi ndi foni.

"Tabwereza, iwe," anatero. "Uyambire poyamba, amako amve nawo."